Masiku 16 oyembekezela mkodzo

Liwu lakuti dialysis ambili a ise tinalidziwila pa foni. Cithunzi ca munthu wowonda ali gone pabedi, tumapaipi tofiila tutuluka pakhosi, pansi pake nambala ya mobile money na mawu akuti tithandizeni. Ngati tili na K20 timatumako, ngati tilibe timangopitilila, koma mumtima timakhala tagamula kale kuti uyu wapita. Ku wailesi ya m'dela kumene timathandizako timawelenga mauthenga otelo kawili-kawili, ndipo nthawi zina pakapita miyezi timawelenganso uthenga wa malilo wa dzina limodzimodzi. N'cifukwa cake m'komboni anthu amakamba kuti makina aja akakugwila sakutaya.

Mawu amenewa ali na mbali yoona, koma amaika matenda awili osiyana m'thumba limodzi. Pali anthu amene impso zao zimawonongeka pang'ono-pang'ono kwa zaka, kambili cifukwa ca shuga kapena BP. Impso zikathelatu mwa njila imeneyi sizibwelela. Munthu wotelo amafunika makina katatu pa wiki, maola pafupi-fupi 4 ulendo uliwonse, moyo wake wonse, pokhapo ngati wapeza womupatsa impso. Opaleshoni yoika impso inacitika koyamba muno mu Zambia mu 2018 pa UTH, ndipo si onse amene angaifikile. Koma palinso anthu amene impso zao zinali bwino-bwino pa Mande, pofika pa Cisanu zaima, cifukwa ca matenda aakulu amene agwedeza thupi lonse: kolela, maleliya aakulu, kutaya magazi pobeleka, kapena tuzilombo tukalowa m'magazi. Kwa anthu awa, kambili makina amangogwililako nchito kwa masiku kapena mawiki ocepa pamene impso zili kudzikonza. Ise kusiyana kumeneku tinakuphunzilila pa kasuli wathu, mu January 2024.

Mukumbukila mmene Lusaka inalili mwezi umenewo. Kolela inayamba mu October 2023, ndipo mvula itabwela inafalikila m'makomboni monga Kanyama, Matero na Chawama, kumene madzi akasefukila zimbudzi na zitsime zimasakanizika. Masukulu amene anafunika kutsegula pa 8 January anakhala otseka mpaka pa 12 February. National Heroes Stadium, kumene timapita kukacemelela Chipolopolo, inasanduka cipatala. Pamene mlili unali kutha, anthu opitilila 700 anali atamwalila m'dziko muno.

Kasuli wathu anali na zaka 23, wamphamvu zake, wometa anthu m'kashopu kake pafupi na msika. Anayamba kuthulula usiku wa pa Sondo. Tinam'patsa Madzi a Moyo koma anali kusanza zonse. Pofika kuseni maso anali atalowa, mawu atauma, khungu ukalitsina silinali kubwelela. Ku kiliniki sanacedwe naye, ambulansi inam'peleka ku Heroes, ndipo ise tinatsala kunja kwa geti pamodzi na mabanja ena, aliyense foni kumanja. Pa tsiku lacinayi tinamva kuti kuthulula kwaleka. Amai anacapa zofunda zake na klolini n'kuzianika, tonse tinati nkhondo yatha.

Tsiku lotsatila nesi wina anatitumila foni. Anati mnyamata wanu sakodza. Malita ambili a dilipi alowa m'thupi, koma zotuluka sizikwana olo kapu imodzi pa tsiku, ndipo mapazi na nkhope zayamba kutupa. Nesi ameneyo sitinamuonepo nkhope, koma ni amene anaona cimene ise tikanaciphonya tili pa cikondwelelo. Madzulo a tsikulo kasuli anatumizidwa ku cipatala cacikulu.

Kumeneko m'pamene tinamvetsa nchito ya impso. Zili ziwili, kumsana m'munsi mwa nthiti, iliyonse kukula monga nkhonya yanu. Mkati mwa iliyonse muli tumasefa pafupi-fupi 1 miliyoni. Pa tsiku zimasefa malita pafupi-fupi 180 a madzi a m'magazi, n'kubwezela pafupi-fupi onse m'thupi, kutsala lita imodzi kapena awili amene timataya monga mkodzo. Kuti zicite zimenezi zimafuna magazi ambili, pafupi-fupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magazi onse amene mtima umapopa. Kolela imakhetsa malita ambili m'maola ocepa. Magazi akacepa conco, thupi limayamba kusungila mtima na ubongo, impso n'kutsala na njala. Zikakhala maola ambili pa njala imeneyo, tumaselo twa m'tumapaipi twa impso tumafa, tumasupuka, n'kutseka njila. Ndiye cifukwa cake olo kuti dilipi inabweza madzi m'thupi, impso sizinauke pamenepo.

Papepala la zotuluka m'magazi panali manambala awili amene tinawaloweza pamtima monga nambala ya NRC. Yoyamba inali ya creatinine, zonyansa zimene minofu imatulutsa ndipo impso zimataya. Kwa mwamuna wathanzi imakhala pakati pa 60 na 110. Ya kasuli inali itapitilila 900. Yaciwili inali ya potaziyamu, mcele wa m'magazi umene ufunika kukhala pakati pa 3.5 na 5. Wake unali 6.8. Potaziyamu akaculuka amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo munthu angafe mwadzidzidzi ali kukamba namwe. Kuwonjezela apo, madzi amene sanali kutuluka anali atayamba kulowa m'mapapo, moti anali kupuma monga wathamanga. Dokota anati afunika dialysis usiku womwewo.

Tinakhala pansi pa kapinga kunja kwa wodi kuti tikambilane. Ba anti, alongo a atate, anakana kwamtuwagalu. Iwo anaikapo mlamu wao amene anakhala pa makina zaka ziwili mpaka banja linagulitsa puloti, ndipo pothela pake anapitabe. Anati kuli munthu wina wodziwa mankhwala otsuka impso, tim'tulutse mwana tikayese kumeneko. Sitinawaone monga osaphunzila, kaili zimene anali kuyopa anaziona na maso ao. Kasuli mwiniwake sakanatha kusankha, cifukwa zonyansa za m'magazi zinali zitam'sokoneza mutu, anali kutiitana maina a anthu ena. Ndiye amai ananyamuka, tinawatsatila mpaka kwa dokota.

"Ba dokota, mukamuika pa makina, adzacokapo?"

"Amai, kulonjeza sin'ngalonjeze. Koma pa sikani impso zake sizinafote, ndipo wiki yatha anali bwino. Ambili otele impso zimauka. Cimene nidziwa n'cakuti tikam'siya conco, mtima ungaime usiku uno."

Anafotokozanso kuti impso zikaima, zambili zimene munthu wamwa zimatsala m'magazi cifukwa impso sizizitulutsa, ndipo mankhwala ena a zitsamba amawononga impso zomwezo. Amai anasaina. Ba anti anapita kukakhala patali, koma sanabwelele kunyumba.

Makina a dialysis ni aatali monga kafiliji. Kasuli anamuika paipi yofewa ya njila ziwili mumtsempha waukulu wa pakhosi. Njila imodzi imatenga magazi kupita nao ku makina, ina imawabweza. Pa makina pali cibotolo cacitali codzala na tumapaipi tocepa monga tsitsi. Magazi amapita mkati mwa tumapaipi tumeneto, kunja kwake kumapita madzi oyela osakanizidwa na mcele woyezedwa bwino, ndipo zonyansa na potaziyamu zimawolokela m'madziwo n'kutayidwa. Makina amakokanso madzi oculuka m'thupi. Anthu ena amaganiza kuti amakhuthula magazi onse n'kuikamo ena, koma ayi. Magazi ni ako omwe, ndipo amene amakhala kunja kwa thupi pa nthawi imodzi ni ocepa, monga kapu imodzi kapena kupitililako pang'ono. Ulendo woyamba anam'cita maola awili cabe, cifukwa kucotsa zonyansa mofulumila kwambili kumadwalitsa mutu. Kutaca anatizindikila tonse ndipo anafunsa za foni yake.

Usiku wina tili pa benchi, mkulu wathu anawelenga pa intaneti mbili ya makina amenewa n'kutiuza. Anawapanga koyamba ni dokota wa ku Netherlands, Willem Kolff, mu 1943, mkati mwa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, ndipo poseweletsa magazi anagwilitsila nchito cikopa copangila masoseji. Odwala ake oyambilila anamwalila. Woyamba kupulumuka anali mayi wa zaka 67, mu 1945, amene impso zake zinaima mwadzidzidzi ali na matenda aakulu, ndipo pambuyo pake zinayambanso kugwila nchito. Tinaona kuti munthu woyamba kupulumutsidwa na makina amenewa anali na vuto lofanana na la kasuli, ndipo anacokapo. Nkhaniyi tinakaifotokozela ba anti. Anangoti tidzaona.

Cimene cinam'vuta ngako kasuli ni ludzu. Wiki yapitayo aliyense anali kum'kakamiza kuti imwa, imwa. Manje anauzidwa kuti pa tsiku amwe mamililita 500 cabe, kuwonjezelapo kuculuka kwa mkodzo umene wataya dzulo lake. Tiyi, phala na msuzi zonse zinali kuwelengedwa momwemo. Tinagula botolo ya 500 ml n'kuilemba mizele inayi. Kukatentha anali kuyang'ana mlongo wathu wamkulu n'kuti, "Ba sisi, kamodzi cabe, sazaona." Ba sisi anali kum'patsa kacidutswa ka ayisi kuti amumunye, kenako anali kutuluka panja kukalila.

Zakudya nazo zinatidabwitsa. Zonse zimene timanyamula popita kukaona wodwala, nthoci, malalanje, makotapela na juwisi, zili na potaziyamu wambili, conco zinali kubwelela pa geti. Delele yophika na cidulo inaletsedwa, cifukwa madzi a phulusa ali na potaziyamu woculuka. Kapenta wouma analetsedwa cifukwa ca mcele. Ndiwo zamasamba amai anali kuzigadutsa m'madzi ambili, kutaya madziwo, n'kuziphikanso. Nsima yokha ndiye inalibe mlandu. Alendo ena anali kukhumudwa tikawabwezela nthoci zao, mpaka tinayamba kuwauzilatu pa foni kuti ngati mufuna kuthandiza, bwelani na ya basi.

Kaili ndalama zinali kutha tsiku na tsiku. Tinagawana masiku, wina usana wina usiku, ndipo aliyense anali kukwela minibasi ziwili kupita, ziwili kubwela. Kashopu kanali kotseka koma lendi inali kuyenda. A m'cilimba ca amai anavomela kuti amai alandile mwezi umenewo olo kuti sunali wao. Makasitomala ena a kasuli anasonkha. Koma tinaonanso mmene liwu lija limathamangitsila anthu. Anzake ambili atamva kuti ali pa dialysis analeka kutuma foni. Wina anabwela kunyumba kudzafunsa ngati tigulitsa makina ake ometela, akuti poti mwiniwake sadzawafunanso. Amai anam'patsa madzi akumwa n'kum'pelekeza pa geti.

Tinali na kabuku kamene tinali kulembamo mkodzo wa tsiku lililonse, kuwelenga pa mizele ya thumba limene linali kulendewela pambali pa bedi. Tsiku loyamba 80 ml. Laciwili 120. Lacitatu 90. Masiku khumi oyamba sunapitilile 200. Pa gulu la WhatsApp la banja palibe amene anali kufunsa kuti wagona bwanji, funso linali lakuti lelo ni zingati. Sitinaganizilepo kuti banja lonse, pamodzi na amalume a ku Chipata, lingakhale maso pa mkodzo wa mwamuna wamkulu. Dokota anatiuza kuti tumaselo tumene tunafa tumamelanso, monga khungu limamelela pa cilonda, ndipo kambili zimatenga wiki imodzi mpaka atatu. Palibe jekeseni yofulumizitsa zimenezi. Nchito ya makina inali kum'sunga wamoyo mpaka nthawiyo ikwane. Amai anali kungoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa tsiku la 12 thumba linaonetsa 450 ml. Tinayopa kukondwela. Pa tsiku la 14 linafika 1,100. Pa tsiku la 16 dokota anayang'ana zotuluka m'magazi n'kupeza kuti creatinine yatsika yokha popanda makina, ndipo anati lelo sapita ku dialysis, tione mmene zikhalile. Sanapitekonso. Onse pamodzi anakhala pa makina maulendo 6. Ba anti ndiwo anayamba nthungululu m'khonde la wodi mpaka manesi anawakhazika cete.

Koma ngozi inali isanathe. Impso zikayamba kuuka zimatulutsa madzi osadziwa kubweza, moti kasuli anafika potaya malita 4 pa tsiku. Munthu angaumenso thupi pa nthawi imeneyi, impso n'kubwelela kumene zacoka. Conco uja amene anali kumanidwa madzi anayambanso kukakamizidwa kumwa, ndipo magazi anali kupimidwa pafupi-pafupi kuti mcele usacepe. Paipi ya pakhosi anaicotsa atatsimikiza kuti siidzafunikanso, cifukwa ikakhalitsa imakhala khomo la tuzilombo.

Sitifuna kukunamizani kuti onse amacila. M'wodi imodzimodziyo munali tate wina amene anadwala shuga zaka zambili, kolela inangotsiliza impso zimene zinali zofooka kale. Pamene ise tinali kutuluka, iye anali kuphunzitsidwa za moyo wa pa makina. Munalinso wina amene anafika mocedwa ngako ndipo sanafike pa tsiku lacitatu. Madokota amayembekezela mpaka miyezi itatu. Impso zikapanda kuuka pa nthawi imeneyo, m'pamene amakamba kuti vutoli lakhala la nthawi yaitali. Amene amakhala na mwayi waukulu ni aja amene impso zao zinali zabwino asanadwale ndiponso afika msanga.

Kasuli anabwela kunyumba mu February, wowonda, magazi ocepa, miyendo yonjenjemela. Wiki yoyamba ulendo wake unali kucoka pabedi kufika pa mpando wa pakhonde. Anali kukwiya msanga, ndipo usiku anali kuuka kukaona ngati akali kukodza. Kumwa madzi momasuka kunam'tengela nthawi, anali kuyamba wayang'ana nkhope ya ba sisi. Mu April anatsegula kashopu, poyamba theka la tsiku cifukwa kuimilila kunali kum'lemetsa. Makina ake ometela anawapeza ali m'kabati mmene amai anawasungila. Mu May, patapita miyezi itatu, anakapimitsanso magazi na mkodzo, ndipo creatinine inali 118. Dokota anati zili bwino, koma impso zimene zinavulalapo zimafuna kuziyang'anila, cifukwa munthu wotelo angadzakhale na BP kapena matenda a impso m'tsogolo kuposa amene sanadwalepo.

Conco pali malamulo amene amasunga mpaka lelo. Amapimitsa BP, magazi na mkodzo pa masiku amene anapatsidwa, olo amve bwino bwanji. Brufen na diclofenac, aja timagula pa kantemba mutu kapena dzino likawawa, samwa, cifukwa amacepetsa magazi opita ku impso. Akamva kuwawa amamwa Panado pa mlingo wake. Kulikonse kumene apita kukalandila mankhwala amayamba wakamba kuti impso zake zinaimapo. Zosakaniza za m'mabotolo zogulitsa m'misika zakuti zimatsuka thupi sazikhudza. Mcele anacepetsa, ndipo cifukwa mphika ni umodzi, tonse tinacepetsa. Ba anti, amene anali kufuna kum'tulutsa m'cipatala, ndiwo manje amasecha m'matumba mwake kufuna Brufen.

Cimene tifuna kuti mutengepo n'copepuka. Wina akadwala matenda othulula, maleliya aakulu kapena kutentha thupi kwa masiku, timafunsa ngati wadya, ngati wagona, ngati wamwa mankhwala. Za mkodzo timacita nazo manyazi, maka-maka ngati wodwala ni mkulu kapena mlongo. Funsani ndithu kuti wakodza liti, ndipo wambili bwanji. Munthu wamkulu akataya mkodzo wosakwana 400 ml pa tsiku lonse, kapena akakhala kucoka kuseni mpaka madzulo osakodza, akayamba kutupa mapazi na nkhope, kupuma movutikila, kapena kusokonezeka mutu, m'pelekeni ku cipatala tsiku lomwelo ndipo pemphani kuti apime impso. Musayembekezele kuti amve kuwawa kumsana, impso kambili zimaima mwakacetecete. Ndipo kuthulula kukaleka musaleke kuyang'ana, cifukwa kwa ise vuto linaonekela pamene tinali kuyanika zofunda.

Kuteteza impso kumayambila kunyumba pa ola loyamba. Sungani mapaketi a Madzi a Moyo. Ngati mulibe, tengani lita imodzi ya madzi owilitsa kapena othila klolini, ikani masupuni aang'ono 6 a shuga na theka la supuni yaing'ono ya mcele, m'patseni pang'ono-pang'ono muli pa njila yopita ku kiliniki. Akasanza, dikilani mphindi 10 n'kuyambanso. Ndipo dokota akachula dialysis, musathawe naye wodwala. Funsani ngati impso zaima mwadzidzidzi kapena zawonongeka kwa zaka, cifukwa yankho la funso limeneli ndiye likuuzani ulendo umene muli nao.

Mvula ikayamba, ngalande za m'komboni mwathu zidzadzalanso monga caka ciliconse. Kunyumba kwathu paketi ya Madzi a Moyo imakhala pamwamba pa filiji, pafupi na botolo ya klolini, ndipo khadi la kasuli la ku kiliniki ya impso amasunga ni amai, cifukwa mwiniwake akamva bwino amaiwala tsiku.